Kwacha ikagwa, kiyi ya crypto imakhala na ndani?

Pa siteshoni ya pa msika wa Masala minibasi siinyamuka isanadzale, ndipo kuyembekezela kuja ndiko kumabala nkhani. Tsiku lina m'mawa n'nakhala kumpando wa kumbuyo pamodzi na mnyamata wina komanso mayi wogulitsa salaula amene anali kupita m'tauni kukalipila bale. Mnyamatayo anali kuonetsa mayiyo foni yake, pomwe manambala obiliwila na ofiila anali kukwela na kutsika.

"Amai, mpamba wanu musamasunge mu kwacha. Ikani mu USDT. Iyi ni dola ya pa foni, kulibe boma ingaigwile, kulibe banki ingaitseke."

Mayiyo anayang'ana foniyo kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti: "Manje mwana wanga, tsiku lamene nifuna kugula bale, nizazitapa kuti? Pa booth yamene iyi ya pa Masala?"

"Ee, pa booth, amai."

"Nanga ba boma akauza a booth kuti lekani?"

Mnyamatayo anangoseka, kondakita anamenya citseko, basi n'kunyamuka. Tinafika m'tauni funsolo lisanayankhidwe. Koma funso la mayi uja ndilo fupa la nkhani yonse ya crypto, ndipo anzathu a ku Nigeria na ku Zimbabwe analiyankhidwa kale, mowawa.

Khomo lolowela na lotulukila

Tiyambe na kufotokoza, cifukwa ambili timangomva dzina. Crypto ni ndalama zokhala pa intaneti cabe, zopanda pepala. Yochuka kwambili ni bitcoin, imene inayamba mu 2009. Mtengo wake umadumpha ngati ciwala: mu November 2021 bitcoin imodzi inafika pafupifupi madola 69,000, koma pofika November 2022 inali pansi pa madola 16,000. N'cifukwa cake amalonda ang'ono-ang'ono ambili amakonda USDT, imene kampani ya Tether imalonjeza kuti imodzi izilingana na dola imodzi ya ku America nthawi zonse. Munthu wooda katundu ku China kapena ku Dubai, wolandila malipilo ocokela kunja, kapena woopa cabe kuti mpamba wake usungunuka, amaiona ngati njila yosungila madola popanda kuima pamzele ku bureau.

Kugula kumacitikila pa misika ya pa intaneti monga Binance. Njila imene acinyamata ambili amaidziwa ni ya P2P. Wogula na wogulitsa amakumana pa app. Iwe utumiza makwacha pa Airtel Money, pa MTN MoMo kapena ku akaunti ya ku banki, kampani imagwilizila USDT ya wogulitsayo mpaka atavomela kuti walandila, kenako imaipeleka kwa iwe. Ukafuna makwacha, njila ni yomweyo, kubwelela.

Tsopano welengani manja amene ndalamazo zadutsamo. Netiweki ya foni imagwila nchito na cilolezo ca ZICTA. SIM khadi yanu inalembetsedwa na NRC yanu. Mabanki na makampani a mobile money amayang'anilidwa na Bank of Zambia. Ndipo msika wa crypto nawo ni kampani yokhala na eni ake, maofesi na anchito amene angathe kumangidwa. Ngakhale kampani ya Tether ili na mphamvu yoimitsa USDT ya munthu, ndipo yacitapo zimenezi apolisi a maiko ena atapempha.

N'zoona kuti bitcoin yeniyeniyo palibe boma limene lingaizimitse. Koma lendi, unga, malasha na ndalama ya basi sitilipila na bitcoin. Kondakita afuna kwacha. Zili ngati kukhala na katundu wodzala sitolo mumsika, koma kiyi ya geti ili na a khansolo. Masiku onse geti imakhala yotsegula, ndipo umaiwala kuti ili na mwini. Umam'kumbukila tsiku limene waipeza yokhoma.

Zimene zinacitika ku Nigeria

Ku Nigeria ndiko crypto inafala kwambili mu Africa muno. Mu February 2021 banki yaikulu ya dzikolo inalamula mabanki onse kuti aleke kucita za crypto na kutseka maakaunti a anthu ocita malondawa. Miyezi yocepa izi zisanacitike, mu October 2020, acinyamata otsutsa nkhanza za apolisi pa zionetselo za EndSARS anali kulandila zopeleka mu bitcoin pambuyo poti njila zawo za ku banki zatsekedwa. Lamulolo silinaphe malonda. Anthu anangothawila ku P2P, ndipo mu December 2023 banki yaikuluyo inacotsa ciletso cija.

Kenako ndalama yawo, naila, inagwa. Pulezidenti Bola Tinubu atalowa m'boma mu 2023 anaileka kuti ipeze mtengo wake pamsika. Dola imene inali pafupifupi manaila 460 inafika kupitilila 1,500 pofika February 2024. Mitengo ya zakudya inakwela, anthu anakwiya, ndipo aliyense amene anali na kangacepe anathamangila kugula USDT. Mtengo wa pa Binance unasanduka mtengo umene osinthitsa ndalama a mumsewu anali kuyang'ana m'mawa uliwonse.

Boma linaloza cala pa app. Makampani a mafoni analamulidwa kutseka njila yolowela pa Binance na misika ina. Mkulu wa banki yaikulu, Olayemi Cardoso, anauza atolankhani kuti madola mabiliyoni 26 anadutsa pa Binance ku Nigeria m'caka cimodzi kucokela kwa anthu amene boma silinathe kuwadziwa bwino. Akuluakulu awili a kampaniyo, Tigran Gambaryan na Nadeem Anjarwalla, anapita ku Abuja kukakambilana na boma kumapeto kwa February 2024, ndipo anagwidwa komweko. Anjarwalla anathawa mu March. Gambaryan anakhala m'manja mwa boma pafupifupi miyezi 8, nthawi yambili m'ndende ya Kuje, mpaka anamasulidwa mu October atadwala. Mu March 2024 Binance inalekelatu kulandila na kupeleka naila.

Ganizilani mayi wa mumsika ku Lagos amene anasunga mpamba wake mu USDT. Ndalama zake sizinabedwe, zinalipo ndithu pa foni. Koma khomo limene anazolowela kutulukila linatsekedwa pa nthawi imene anali kulifuna kwambili, ndipo anafunika kusakila ogula a m'makona, kumene mbava nazo zimadikilila. Nanga naila inacila? Inalimbako mu April 2024, koma caka cisanathe dola inali itapitililanso manaila 1,500. Matenda sanali mu app.

Ku Zimbabwe anatseka na mobile money yomwe

Anansi athu a ku Zimbabwe anaona zofanana. Mu 2018, madola a pepala atasowa m'mabanki, anthu anali kugula bitcoin pa msika wa Golix wa ku Harare. Mu May caka comweco Reserve Bank of Zimbabwe inapatsa mabanki masiku 60 kuti aleke kugwila nchito na misika ya crypto. A Golix anapita ku High Court ndipo anawina, koma mabanki, poopa bwana wawo, sanawatsegulilenso maakaunti. Makasitomala anavutika kutapa ndalama zawo. Kuwina mlandu sikunatsegule geti.

Mu June 2020 dola ya Zimbabwe itagwanso, boma la Emmerson Mnangagwa linaimitsa malonda pa msika wa masheya na kucepetsa kwambili nchito za mobile money monga EcoCash, ponena kuti ndizo zinali kugwetsa ndalama ya dziko. Apa sipanakhudzidwe a crypto okha. Ngakhale wogulitsa tomato amene sanamvepo za bitcoin anapwetekedwa.

Nkhani ziwilizi zili na mtundu umodzi. Ndalama ya dziko ikagwa, mtsogoleli amafunika kuonetsa anthu wolakwa. Mtengo wa kopa kapena wa mafuta umapangidwila kutali, sangaumange. Cilala sangacitengele ku khoti. Nkhongole anatenga ni iye mwini kapena amene anam'siyila mpando. Wosinthitsa ndalama ndiye ali pafupi, ndipo kum'tsekela kumatenga kalata imodzi cabe.

Kuno ku Kopala tinaziona kale

Akuluakulu a ku Masala, Kabushi na Chifubu sangadabwe na zimenezi, ngakhale kuti nthawi yawo kunalibe mafoni. M'masiku a Kenneth Kaunda, dola inali m'manja mwa boma. Wofuna kuoda katundu kunja kapena kuyenda ulendo anali kupempha cilolezo, ndipo amene sanacipeze anali kugula mobisa. Msewu wa Katondo ku Lusaka unachuka na malonda amenewo.

Mu October 1985, potsatila mapangano na IMF, boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni mlungu uliwonse. Dola imene inali K2.20 inafika K5 pa okushoni yoyamba, ndipo inapitiliza kukwela. Mu December 1986 mtengo wa unga wa bulekifasi utakwezedwa, zipolowe zinabuka ku Kitwe, ku Ndola na matauni ena a kuno, ndipo anthu 15 anafa. A Kaunda anabweza mtengo wa unga, n'kulanda zigayo zazikulu za anthu kuti zikhale za boma. Pa 1 May 1987 anasiyana na IMF, okushoni inatha, ndipo boma linalengeza kuti dola izikhala K8. Malamulo a dzulo anafafanizika na cilengezo cimodzi ca pa wailesi.

Boma la Frederick Chiluba linalola ma bureau mu 1992 na kucotsa malamulo oletsa kusinthitsa ndalama mu 1994. Mu 2012 boma la Michael Sata linabweletsa Statutory Instrument 33 yoletsa kuika mitengo kapena kulipilitsa m'madola pa malonda a m'dziko muno. Mu March 2014, kwacha itagwa, nduna ya zacuma Alexander Chikwanda inacotsa lamulolo pofuna kukhazika mtima pansi amalonda. Wina anatseka kwacha itagwa, wina anatsegula kwacha itagwa. Phunzilo ni limodzi: geti ya madola imayenda na ndale, ndipo wamalonda wamng'ono safunsidwa. USDT ni dola yovala malaya atsopano. Palibe cifukwa coganizila kuti andale adzaiona mosiyana.

Nalo boma lili na pokambila

Tisanamizane, si nthawi zonse pamene boma limatseka cifukwa ca nkhanza. Misika ya crypto nayo inadzipalila. Mitengo itagwa mu 2022, kampani ya Celsius ya ku America inaimitsa yokha kutapa ndalama mu June, popanda boma lililonse kuilamula. Mu November msika wa FTX, umene unali umodzi mwa ikulu-ikulu padziko lonse, unagwa, ndipo zinadziwika kuti ndalama za makasitomala zokwana pafupifupi madola mabiliyoni 8 zinali zitagwilitsidwa nchito zina. Mwini wake, Sam Bankman-Fried, anaweluzidwa mu March 2024 kukhala m'ndende zaka 25. Mu November 2023 Binance inavomela milandu ku America na kulipila madola mabiliyoni 4.3. Ku South Africa, Mirror Trading International inagwa mu December 2020 itasonkhanitsa bitcoin ya anthu masauzande ambili powalonjeza phindu la mwezi na mwezi.

Ngakhale kuno kwathu ambili tili na wacibale amene anapsa. Mphwanga wina wa ku Lubuto atalandila cilimba cake, anaika zonse mu app ina imene anaimvela pa gulu la WhatsApp, yolonjeza kuwilikiza ndalama pa mwezi umodzi. Milungu iwili yoyamba anatapako tung'ono, n'kuitana anzake atatu. Mlungu wacitatu app inakana kutseguka, ndipo amene anali kuyendetsa gulu anacotsa nambala yake. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele. App imeneyo sinali msika wa crypto ngakhale pang'ono, inangobweleka dzina. Koma kwa munthu wokwela basi, kusiyanitsa msika weniweni na msampha n'kovuta ngati palibe amene amalembetsa na kuyang'anila makampaniwa.

Conco wamalonda wamng'ono ali pakati pa makomo awili. Mitengo ya crypto ikagwa, kampani ingathe kum'tsekela. Ndalama ya dziko ikagwa, boma lingathe kum'tsekela. Onse awili amatseka pa tsiku loipa, osati pa tsiku labwino.

Nanga Zambia ili pati?

Mu 2018 Securities and Exchange Commission inacenjeza anthu za crypto, ndipo mu October caka comweco Bank of Zambia inalengeza kuti crypto si ndalama yovomelezeka yolipilila m'dziko muno, kuti banki yaikulu sinali kuyang'anila malondawa, komanso kuti wolowamo alowe podziwa kuti zikavuta ni zake. Mawu amenewa sanali ciletso, koma sanalinso citetezo. Mu February 2023 nduna ya sayansi na tekinoloje, Felix Mutati, inanena kuti Bank of Zambia na SEC anali kuyesa njila zoyang'anila crypto.

Kwacha nayo yaona zambili m'zaka zimenezi. Mu November 2020 dziko linalephela kulipila ciwongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni pa nkhongole ya Eurobond. Pakati pa 2021 dola inali kupitilila K22. Kumayambililo kwa 2024 inapitilila K27, mwezi womwewo umene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Tiyamikile pofunika kuyamikila: pa nthawi imene Nigeria inali kumanga anthu a Binance, Bank of Zambia inasankha kukweza gawo la ndalama zimene mabanki ayenela kusungitsa kwa iyo kufika pa 26 pelesenti, kuti makwacha othamangitsa dola acepe. Sinatseke ma app.

Koma mphamvu yotseka ilipo, ndipo tinaiona. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook na Twitter zinaleka kugwila nchito kwa ambili m'dziko muno, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linapita ku High Court ndipo khoti inalamula kuti zitsegulidwe. Dzanja limene linakwanitsa kuzimitsa WhatsApp silingalephele kuzimitsa app ya crypto. Ndipo kucokela mu January 2024 timalipila msonkho potumizilana ndalama pa mobile money, umboni wakuti boma limadziwa bwino njila imene ndalama za pa foni zimadutsa.

Cimene tiyenela kupempha kwa aphungu athu si cakuti boma licokepo. Tipemphe malamulo olembedwa poyela, okambidwa ku Nyumba ya Malamulo nyengo ikali yabata, osati kalata yotuluka usiku kwacha itagwa. Kampani yofuna makwacha athu ilembetsedwe, ikhale na ofesi m'dziko muno kumene munthu angakadandaule, ndipo ndalama za makasitomala zisungidwe padela, osati kusakaniza na za kampani monga anacitila a FTX. Ndipo ngati tsiku lina boma lidzaona kuti msika wina uyenela kutsekedwa, lamulo linene masiku amene anthu adzapatsidwe kuti atape zawo. Wakuba amangidwe, koma mayi wa salaula asalipile mlandu wa kopa na cilala.

Musanatumize

Pomwe tikuyembekezela zimenezo, aliyense adzisamale yekha. Mpamba wa mawa, lendi na ndalama za cilimba ca anzanu si zoika pa app. Ngati mwasankha kuyesa, yambani na zocepa zimene mungapilile zitatayika, ndipo yesani kutapa musanaonjezele. Funsani ngati kampaniyo imadziwika ku Bank of Zambia kapena ku SEC. Banki yaikulu ili na ofesi kuno ku Ndola, si ulendo wa ku Lusaka. Aliyense wolonjeza phindu lotsimikizika la pa mlungu kapena pa mwezi, kapena wokuuzani kuti mubweletse anzanu kuti mudyepo, m'thaweni. Sungani mauthenga onse a mobile money, cifukwa pa P2P simudziwa kumene ndalama za mnzanuyo zacokela, ndipo akaunti yofufuzidwa ingakhale yanu.

Odziwa amati cotsani crypto pa msika muisunge mu wallet yanu-yanu. Izi zimakutetezani kampani ikagwa, koma mukataya mawu acinsinsi otsegulila, palibe ofesi yokalilako. Ndiponso tsiku lofuna makwacha mudzabwelelabe pa geti yomwe ija.

Kumbukilaninso kuti kwacha siimangogwa. Mu July na August 2021, nyengo ya masankho, dola inatsika kucoka pa K22 kufika pafupifupi K16 m'milungu yocepa. Amene anasunga mpamba wonse m'madola, a pepala kapena a pa foni, anataya kupitilila gawo limodzi mwa magawo anayi akali m'tulo. Nayonso inali ndale.

Madzulo a tsiku lija n'namuonanso mayi uja pa Masala akutsitsa bale yake, kondakita akukangana naye za ndalama ya katundu. Analipila na makwacha a m'cikwama ca m'ciuno. Sin'kunena kuti njila yake ndiyo yabwino koposa, pakuti nayenso kwacha ikagwa bale imam'dulila. Koma iye amadziwa amene ali na kiyi ya ndalama zake. Mnzanu wa mu basi akakuonetsani manambala obiliwila pa foni, musakangane naye za bitcoin. M'funseni funso la mayi uja: tsiku limene zinthu zavuta, nizazitapa kuti, ndipo ndani angatseke pamenepo?